Phazi Langa Losamva

Lolemba, 7 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi 14, pafupi ndi zenera losatsekeka. Kabuku aka ndi kamene ndimalembamo miyezo ya makasitomala anga, ziuno ndi mapewa a anthu a ku Pakokku kuno. Thandar, mwana wanga, wakaponya m'chikwama pamodzi ndi chipeso, akuti ndizilembamo zimene madokotala akunena chifukwa ine ndimamva zanga zokha. Ndayambira kumapeto kuti ndisasokoneze miyezo ya anthu.

Shuga 386. Kutentha kwa thupi 38. Chilonda chili kunsi kwa phazi lamanja, mainchesi awiri m'litali, imodzi ndi theka m'lifupi. Ndayeza ndi maso, ndipo maso a telala sanama. Zala ziwiri zakumapeto zada. Fungo lake ine ndinalizolowera, koma atamasula nsanza zimene ndinakulunga, mayi wa pabedi 15 anatembenukira kukhoma n'kufunsa kuti ndani watsegula mtsuko wa nsomba zoviika m'chipatala.

Dokotala wake ndi mtsikana, Dokotala Nilar, wamng'ono ngakhale kwa Thandar. Amanditchula kuti azakhali, mwaulemu ndithu. Anatulutsa kaulusi kolimba ngati kowedzera nsomba, nandiuza kuti nditsinzine, ndizinena akandikhudza nako kuphazi. Ndinatsinzina. Ndinati ndikumva. Ndinatinso ndikumva. Kachitatu ndinachita kutchula malo, ndinati pachala chachikulu. Nditatsegula maso ndinapeza manja ake onse ali m'matumba, akungondiyang'ana. Sanaseke. Bola akanaseka.

Lachiwiri, 8 Meyi

Shuga m'mawa 301, masana 340. Insulini katatu pa tsiku, pamimba. Dripu ya mankhwala opha tizilombo kawiri. Ajambula phazi.

Tsiku la muno limayamba ndi ndowa za okolopa, kenako anamwino ndi kobayira chala kaja, kenako achibale ndi mapoto awo, aliyense kuyala mphasa pafupi ndi bedi la wodwala wake. Thandar wabweretsa mpunga wa dzanja limodzi ndi masamba owiritsa opanda mafuta. Ndamufunsa ngati chakudyacho n'changa kapena cha mbalame. Akadali wokwiya.

A Dokotala andifunsa kawiri mmene chilondachi chinayambira, ndipo kawiri konse ndazungulira. Ndilembe apa, pepala silikweza nsidze.

Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, atamwalira bambo a Thandar, ndinayamba kupita kwa Sayalay Wimala, mayi wodzipereka pa chiphunzitso cha Buddha, wometa mpala, wa nsalu zapinki, amene ali ndi nyumba yosinkhasinkhiramo kuseri kwa msika. Iwo amatiphunzitsa kusesa thupi. Umakhala pamphasa, kupinda miyendo, kutsinzina, n'kuyambira paliwombo kutsika ndi maganizo pang'onopang'ono: chipumi, masaya, khosi, mpaka zala za kumapazi, n'kubwereranso. Paliponse umangoona chimene chikumveka. Kutentha, kuyabwa, kugunda, kuwawa. Sukanda, susuntha, sudana nacho, suchikakamira. Umangochitchula mumtima, kuwawa, kuwawa, mpaka chitapita chokha, pakuti palibe chimabwera kudzakhalitsa. Zinandithandiza, sindingakane. Chisoni cha amuna anga ndinachipeza chitakhala pakhosi ngati mbatata yosameza, ndinachiyang'ana miyezi isanu ndi umodzi mpaka chinatsika.

Zaka zitatu zapitazo mapazi anayamba kuchita ngati mukuyenda nyerere. Kenako nyerere zinasamuka, kunangoti zii. Akuluakulu osinkhasinkha amanena kuti mtima ukakhwima, thupi limayamba kuzimiririka, umakhala ngati ulibe. Ine ndinati langa layambira kumunsi. Ndinauza Sayalay kuti mapazi apepuka, iwo anagwedeza mutu. Anzanga akamavutika ndi dzanzi pamphasa, ine ndinkakhala maola awiri ngati mwala. Za shuga Thandar ankanena, inde. Ndinkamuuza kuti amayi ake amalidziwa thupi lawo kuposa makina a ku chipatala.

Tsiku la chaka chatsopano cha kwathu kuno, mu Epulo, chikondwerero cha madzi chitatha, tinakwera ku kachisi wa paphiri dzuwa lili paliwombo. Nsapato tinasiya kumunsi monga mwa mwambo. Matailosi a pabwalo anali ngati chiwaya. Anthu ankathamanga chonyang'ama, kulimbirana timikeka ta m'mbali. Ine ndinadutsa pakati penipeni, pang'onopang'ono, mpaka pangodya yopembedzerapo ife obadwa Lachiwiri, n'kuthira madzi anga pa fano. Kumbuyo ndinamva anzanga akuti taonani Daw Sein Pyone, mtima wake wakhazikika. Nditamva choncho ndinachepetsanso liwiro. Madzulo ake kunsi kwa phazi kunali matuza. Ndinapakapo mafuta, n'kukulunga nsanza, n'kupitiriza kuponda makina masabata atatu.

Dzanja latopa.

Lachitatu, 9 Meyi

Shuga 276. Kutsuka chilonda. Dokotala Nilar anabwera ndi ophunzira anayi, lumo ndi kampeni. Anadula nyama yakufa kudzaza kambale, ine ndikungoyang'ana fani ya kudenga. Wophunzira wina ananong'oneza mnzake kuti azakhali awa ndi olimba mtima. Ndivomere, kumtima kunazizira. Zaka 59 koma kutamandidwa ndimakukondabe ngati mwana.

Wa pabedi 15 uja dzina lake Daw Lone Tin, amakazinga zitumbuwa za mphonda pa siteji ya basi. Mwendo wake wamanzere anaudula zaka ziwiri zapitazo, tsopano wabwera ndi chilonda pachidendene cha wotsalawo. Iyeyu akamamutsuka wodi yonse imadziwa. Amakuwa, amatukwana lumo, amaitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Pansi pa pilo amabisa timibulu ta shuga wa kanjedza, ndipo amatafuna namwino akangopereka msana. Atamva kwa Thandar kuti ndimasinkhasinkha, wayamba kunditchula a Yogi, dzina la akatswiri osinkhasinkha.

Ndinamuuza mwaulemu kuti ululu ukauyang'anitsitsa osadana nawo umachepa mphamvu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku bandeji.

"A Yogi, chikuni nachonso sichilira akamachiwaza. Ndiye tinene kuti chafika patali pa chiphunzitso?"

Ndamuda mayi ameneyu. Vuto lake n'lakuti amaseketsa.

Lachinayi, 10 Meyi

Shuga 243. Kutentha 37.8. Zojambula zija zabwera: fupa la chala chaching'ono ladyeka. Adula zala ziwiri zakudazo Lachiwiri likubwerali, shuga ikatsika. Akuti phazi lotsalalo likhoza kupulumuka. Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndidzapondenso makina. A Dokotala anati ndi chidendene ndi zala zitatu zitheka. Makina anga ndi opondera, ndawaponda zaka makumi atatu ndi zisanu ndi phazi limeneli. Popanda ilo ndine nkhalamba yongokhala pakhonde kudikira mpunga wa mwana. Zala atenge, phazi andisiyire.

Kenako a Dokotala anatenga cholembera n'kuzunguliza mzere pakhungu, pamwamba pa akakolo, pamene kufiira kwathera. Ngati mmene ine ndimachitira ndi choko pa nsalu, kungoti mzere wake ndi wokhota.

"Azakhali, kufiira kukadumpha mzere uwu, kapena mukamva kuwawa kumtunda kuno, muitane namwino nthawi yomweyo. Osadikira, osapirira. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Thandar anaseka kuseka koipa, nauza a Dokotala kuti mawu amenewo awalembe pa khadi, chifukwa iye chibadwire sanawamvepo kuchokera pakamwa panga.

Thandar anandiuzanso kuti nsalu za Sayalay ndi anzawo, zimene ndinadula kale, wazipinda n'kuziika pamwamba pa makina. Zinayenera kutha mvula isanayambe.

Lachisanu, 11 Meyi

Shuga 228.

Lero kwachitika chinthu. Masana, wodi itati phee, ndinakhala tsonga n'kuyamba kusesa. Liwombo, chipumi, khosi, msana wotopa ndi matiresi. Nditadutsa bondo lamanja ndinapeza katumba akugunda. Kutentha, kugunda, mkati mwenimweni pafupi ndi fupa. Zaka zitatu kumunsi uko kuli ngati kwa eni ake, lero kwalankhula. Ndinene zoona, ndinakondwa. Ndinakhala nako ola lathunthu, kuwawa, kuwawa. Kunkakula, kuchepa, kusuntha, ndendende mmene Sayalay amanenera.

Mawu a Dokotala sindinawaiwale. Ndinangoti ndione kaye ngati kupite kokha. Namwino atabwera ndi dripu anafunsa ngati pali vuto, ndinati palibe chodandaula.

Loweruka, 12 Meyi

Shuga 290, yakweranso. Kutentha 38.4. Basi yagwa pa msewu wa ku Myaing, anamwino akuthamanga uku ndi uku. Amene anadzanditsuka anatsegula kunsi kokha, nafunsa za kumtunda. Ndinati kuli bwino. Nsalu yanga ndinali nditaikokera mpaka pa akakolo, monga mayi waulemu.

Atachoka ndinasuzumira. Kufiira kwadumpha mzere ndi theka la inchi.

Ndikanena, adula kumtunda. Ndikakhala chete n'kumakuyang'ana, mwina kubwerera, pakuti palibe chimabwera kudzakhalitsa. Ndakhala ndikudziuza zimenezi tsiku lonse ngati nyimbo. Koma ndikamasesa ndikupezanso china pamimba, chozizira, chomanga. Dzina lake ndikulidziwa. Ndikuopa.

Daw Lone Tin akuti nkhope yanga ikuoneka ngati mpunga wa dzulo. Ndamuuza kuti asamale chidendene chake.

Lamlungu, 13 Meyi

39.6. Kuzizidwa. Mano akugundana.

Kuwawa, kuwawa. Sikukupita.

Lachiwiri, 15 Meyi

Lero ndi tsiku limene anayenera kudula zala ziwiri. Sanadule.

Anandiulula ndi Daw Lone Tin. Lamlungu masana, ine ndikunjenjemera pansi pa bulangete, anatambasula ndodo yake kuchokera pabedi pake n'kukweza nsalu yanga ngati akutembenuza chitumbuwa. Kenako anakuwa. Pakamwa paja pamene ndinkapanyoza ndi pamene panabweretsa anamwino atatu nthawi imodzi. Dokotala Nilar anamuitanitsa kunyumba. Kufiira kunali kutafika mainchesi anayi pamwamba pa mzere, katumba atatupa, ali nyezinyezi. Asintha mankhwala, dripu kanayi pa tsiku. Za dzulo sindikukumbuka zambiri.

M'mawa uno a Dokotala anakhala pamphepete pa bedi n'kundifunsa kuti ndinayamba kumva liti. Ndinati Lachisanu. Kenako anandiuza bwinobwino, osabisa: mafinya alowa pakati pa minofu, phazi silingapulumukenso, adula pansi pa bondo Lachisanu lino. Tikachedwa zilowa m'magazi, ndipo pamenepo nkhani si ya mwendonso. Ndinafunsa ngati zikanasintha ndikananena tsiku lomwelo. Anati sangalumbire, koma mwina. Mwina ameneyu wandilemera kuposa akanangoti inde.

Anabweretsa pepala loti ndisaine. Ndinaika manja pansi pa bulangete.

Thandar sanakuwe. Anadikira a Dokotala atuluke, n'kukhala pamphasa yake, akupinda ndi kupindanso thaulo limodzimodzi.

"Amayi, inu mumamva ntchentche ikatera paliwombo. Mumamva mpweya ukukhudza mlomo. Ine ndalankhula za shuga zaka zitatu, simunandimvepo tsiku limodzi. Bambo anapita, tsopano mukufuna ndikwirire inunso chifukwa cha phazi lowola?"

Ndinamuuza kuti thupi ndi langa. Anati inde ndi langa, koma wolisambitsa ndi iye. Anatuluka osatenga poto wake. Kuchokera pabedi 15 ndinamva wina akung'ung'udza kuti samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndatopa. Ndatopa ndi fungo, ndatopa ndi fani, ndatopa ndi ine mwini.

Lachitatu, 16 Meyi

Shuga 255. Kutentha 38.9.

Thandar wakatenga Sayalay Wimala. Analowa cha m'ma 10 koloko, ambulera m'khwapa, nsalu ya paphewa yomwe ndinasoka ndekha chaka chatha. Wodi yonse inaika manja pamodzi, ngakhale Daw Lone Tin anameza msanga chimene ankatafuna. Ine ndinalephera kugwada, ndinangowerama mutu. Manyazi anandigwira kuposa malungo.

Ndinkayembekezera ulaliki wa kupirira, ndipo mumtima ndinkafuna andiuze kuti ndachita bwino. Iwo anangokoka mpando n'kundiuza kuti nditsinzine, ndisese mokweza mawu, koma mwendo wamanzere, wabwinowo. Ndinayamba. Ntchafu, kulemera. Bondo, kuzizira kwa fani. Msongolo, kukhudza kwa bulangete, patalipatali. Akakolo. Ndinati kupepuka. Phazi, ndinati kupepuka, bata.

Anandiuza kuti nditsegule maso. Anali atatsina chala changa chachikulu ndi zikhadabo, mpaka khungu kuyera.

"Ukumva chiyani?"

"Palibe, Sayalay."

"Ndiye uzinena kuti palibe. Pamene palibe chomveka, umadziwa kuti palibe. Suikapo dzina lokongola. Iwe wakhala ukusesa mpaka pa akakolo, kumunsiko wakhala ukupeka."

Ndinalira. Zaka khumi ndi zinayi ndimadzitcha wophunzira wabwino, kuli kusoka chovala pa miyezo yongoganizira.

Ndinayesa kudziteteza pa za Lachisanu. Ndinati ululu ndinauyang'ana monga anatiphunzitsira, osadana nawo. Anandifunsa ngati kunyumba kwanga ndikaona utsi kudenga ndimakhala pansi n'kumati utsi, utsi. Anati kuona ndi chiyambi chabe, ukaona umachita chofunika kuchita, ndipo Buddha mwiniwake anali ndi sing'anga wake womupatsa mankhwala. Daw Lone Tin anati mwamva, a Yogi. Sayalay anamuyang'ana kamodzi, iye anatembenukira kukhoma.

Kenako ananena chimene sindinayembekezere. Anati tsiku lija ndinawauza kuti mapazi apepuka, iwo anakondwa. Anakondwa kuti pakati pa amayi a kumsika pali mmodzi wofika patali, ndipo anauzako anzawo. Akanandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndimamva madzi otentha posamba. Sanafunse. Anati cholakwacho tigawane, koma mwendo ndi wanga ndekha, ndipo iwo sangandisainire.

Pochoka anandiuza kuti nsalu zija zidikira, mvula siinaphe munthu chifukwa cha nsalu yakale.

Lachinayi, 17 Meyi

Ndasaina, 8:40 m'mawa. Dzina langa latuluka lokhotakhota.

Atenga magazi, ayeza mtima. Akuti adzabaya jakisoni pamsana, ndidzakhala ndili maso koma kumunsi konse kudzachita dzanzi. Ndinauza a Dokotala kuti zimenezo ndinazizolowera. Kwa nthawi yoyamba anaseka.

Ndafunsa Daw Lone Tin kuti zimakhala bwanji. Sanandinyengerere. Akuti masiku atatu oyamba ndidzafuna kufa, lachinayi ndidzafuna mohinga, ndipo ndikadzayamba kufuna msuzi wa nsomba umenewo ndidziwe kuti ndapulumuka. Akuti choopsa ndi m'mawa, munthu umaiwala, umadzuka kuti uponde pansi n'kugwa chafufumimba. Iye anagwa kanayi. Ndinamuthokoza chifukwa cha ndodo ija. Anati ndisazolowere, ndodo yake si yokwezera nsalu za anthu. Kenako anandiponyera kambulu ka shuga wa kanjedza. Ndinakabweza. Anati bola, anali nato tochepa.

Thandar wabwera ndi beseni masana. Wasambitsa miyendo yonse iwiri, wamanjawo mpaka pamene bandeji yayambira. Nditatsala ndekha ndinaugwira mwendowo ndi dzanja, kuyambira pabondo kutsika. Dzanja linkamva mwendo. Mwendo unkamva dzanja mpaka pakati pa msongolo, kupitirira apo ayi. Ndinanena mumtima kuti palibe. Mwendo uwu unandinyamula kupita ku ukwati wanga ndi ku maliro a amuna anga, ndipo ine ndinauyendetsa pa chiwaya kuti amayi atatu anditame.

Lachisanu, 18 Meyi

Osadya, osamwa. Ku fiyeta 9 koloko. Shuga 180. Thandar ali pano.

Lamlungu, 20 Meyi

Zatheka. Bondo lilipo.

Kukuwawa. Dzulo ndinayesa kukutchula, kuwawa, kuwawa, sindinafike kakhumi. Ndinakuwa. Ndinaitana namwino, ndinapempha jakisoni, anandibaya. Daw Lone Tin akuti mawu anga ndi abwino, ndinkangowabisa.

Kutentha 37.9.

Lolemba, 21 Meyi

Shuga 168. Kutentha 37.2. Ndagona pafupifupi tsiku lonse. Pabulangete pali pobowoka pamene panali phazi. Sindikuyang'anako.

Lachiwiri, 22 Meyi

Shuga 154. Atsegula bandeji. Ndinati sindiyang'ana, koma telala sangaone msoko wa mnzake osasuzumira. Mainchesi asanu ndi theka pansi pa bondo. Ulusi wakuda, mfundo khumi ndi zisanu ndi zinayi, zotalikirana mosafanana. Ndinauza Dokotala Nilar kuti akanakhala wophunzira wanga ndikanamuphwasulitsa. Anati akadzafuna bulauzi adzabwera kwa ine, koma miyendo ndimusiyire. Akuti bala ndi loyera, mafinya palibe.

Kenako anatembenukira ku phazi lamanzere ndi kaulusi kaja. Malo khumi anakhudza, ndinamva awiri. Enawo ndinati palibe, palibe, palibe, mpaka ndinatopa nawo mawuwo. Akuti phazi limeneli likhoza kukhala nane mpaka kufa ngati ndililondera. Tsiku lililonse ndiziliona kunsi ndi kagalasi, pakati pa zala pomwe, chifukwa lokha silidzandiuza kanthu. Madzi osamba ndiziyesa ndi chigongono. Ku kachisi ndizipita m'mamawa matailosi asanatenthe, ndiziyenda pamkeka ngati anthu ena onse. Za makina sindinafunse. Iye sananene.

Anabwera wophunzitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri. Ndinaima masekondi ochepa, chipinda chinazungulira, anandikhazika. Thukuta ngati ndalima.

Thandar anandipesa tsitsi n'kundipaka thanaka, phala lachikasu la khungwa la mtengo, m'masaya, akuti ndisaoneke ngati mtembo. Daw Lone Tin anamuuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Thandar anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Ndinamugwira dzanja. Kupepesa sindidziwa bwino, ndinangomuuza kuti mpunga wa lero unapsa bwino.

Lachitatu, 23 Meyi

Ndikufuna mohinga. Akana.

Daw Lone Tin akutuluka Loweruka, chidendene chauma. Akuti adzandisungira malo pa siteji, ndizikasoka mabatani pafupi ndi chiwaya chake, awiri tili ndi miyendo iwiri, wamanja ndi wamanzere, munthu wathunthu. Sindikudziwa kuti bedi 15 ndidzaliyang'ana bwanji iye kulibe.

Lachinayi, 24 Meyi

Shuga 149. Kutentha 36.9.

Chichitireni opaleshoni sindinasese. Ndinkaopa kufika kumunsi. Lero m'mawa, okolopa atachoka, ndinati ndiyese, popeza palibe china chimene ndimadziwa kuchita ndi maganizo anga. Liwombo, kutentha pang'ono. Masaya, kuuma kwa thanaka. M'khwapa, kuwawa kwa ndodo. Ntchafu. Bondo. Bandeji, kuthina, kugunda. Ndinkati ndiimire pamenepo n'kuwolokera kumanzere.

Sizinaime. Msongolo unalipo. Akakolo analipo, opindika pang'ono. Chidendene chinkatsamira matiresi. Ndipo kachala kakang'ono, kakuda kaja, kodyeka fupa, kankayabwa. Osati patalipatali ayi, kuyabwa kwenikweni, pambali pa chikhadabo, ngati udzudzu wangoluma kumene.

Ndinatsegula maso. Bulangete lili fulati. Ndinatsinzinanso, kachala kali pomwepo. Ndinadzifunsa ngati ndayambanso kupeka. Koma zopeka zanga zija zinali zokoma, kupepuka, bata. Izi n'zosowetsa mtendere, ndipo sindinazifune. Zaka zitatu phazi lilipo silinandiuze kanthu. Lero kulibe, ndiye layamba.

Ndinakutchula, kuyabwa, kuyabwa, mphindi makumi awiri pa wotchi ya pakhoma. Sikunapite. Ulendo uno sindinadikire Lamlungu, ndinaitana namwino n'kumuuza zonse, malo ake ndi nthawi imene kunayamba. Analemba pa khadi. Akuti zimachitika kwa ambiri, mitsempha imakumbukira, a Dokotala aona za mankhwala. Daw Lone Tin akuti wake uja mpaka lero amamukokana mvula ikamabwera, ndipo mankhwala ake ndi kutukwana.

Thandar anafika ndi poto cha m'ma 11, nandipeza ndikukukuta mano. Anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti palibe. Ndinameza.

"Kachala kakang'ono kakuyabwa, mwana wanga. Ka kumanja."

Anayang'ana ine, anayang'ana bulangete. Sanafunse ngati mutu ukuyenda bwino. Anaika poto pansi, nakhala kumiyendo kwa bedi, natambasula dzanja pamalo opanda kanthu paja.

"Apa?"

"Tsika pang'ono. Kunja kwake."

Anayamba kukanda matiresi ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

Kuyabwa sikunasiye. Ndinamuuza kuti apitirize.